Mafunso a Owerenga: Kodi Dzino Ndatola Mumtsinjeli Ndi la Chilombo Chanji?

FUNSO: Akonzi, ine ndimakumba mchenga wogulitsa kwa anthu omanga nyumba, ndipo mwezi wathawu, madzi atatsika mumtsinje wa North Rukuru, fosholo yanga inatukula dzino lomwe landisowetsa mtendere. Dzinoli ndi lakuda mofiirira, ndi lolemera kuposa mmene limaonekera, ndipo ndi losalala mbali zonse. Kumutu kwake kuli nsonga imodzi yonenepa yomwe inaperepeseka pamwamba mpaka kukhala yathyathyathya. Nditayeza ndi rula ya mwana wanga, mutuwo ndi masentimita 2 mulitali ndi sentimita imodzi ndi theka mulifupi. Lili ndi muzu umodzi wathunthu ndi chitsa cha muzu wina womwe unathyoka. Anzanga akuti ndi la mkango, amalume anga akuti ndi la fisi, pomwe munthu wina wodutsa akuti ndi la dinosaur ndipo akufuna kuligula. Ndatumiza zithunzi ziwiri. Kodi woona ndani? Ndine wowerenga wanu wa ku Karonga.

YANKHO: Bambo, tathokoza chifukwa cha kalata yanu, makamaka chifukwa choti munayeza dzinolo musanatilembere, pakuti ambiri omwe amatitumizira zithunzi za mafupa amaiwala kunena kukula kwake, ndipo pachithunzi dzino la mphaka ndi dzino la kambuku zimatha kuoneka zofanana. Malinga ndi zomwe mwafotokoza, amalume anu ndiwo ayandikira choona. Koma tisanafike pa fisiyo, ndi bwino tidutse njira yomwe akatswiri a mafupa akale amadutsa, chifukwa inu mupitiriza kukumba mchenga ndipo dzino ili silikhala lomaliza.

Woyamba kumuganizira pa dzino lililonse losongoka lotoledwa mumtsinje wa kuno kwathu ndi ng'ona. Chifukwa chake ndi choti ng'ona imagulula mano ndi kumera ena moyo wake wonse, moti ng'ona imodzi imasiya mano ochuluka kwambiri m'madzi, pomwe mkango kapena fisi amasintha mano kamodzi kokha ali wamng'ono, ndipo otsalawo amafa nawo. Dzino la ng'ona ndi lozungulira, losongoka, lokhala ndi timizere tating'ono tochoka kunsonga kutsikira kumunsi, komanso timisana tiwiri tosakuthwa kwenikweni tomwe timayang'anizana. Kunsi kwake kumakhala mphako, chifukwa m'menemo ndimo dzino latsopano limakuliramo, ndipo silikhala ndi mizu iwiri. Lanu lili ndi muzu ndi chitsa cha muzu wina, choncho ng'ona yatuluka pamlanduwu. Mfundo yomweyi ikutulutsanso dinosaur: mano a pafupifupi nyama zonse zokwawa zakalekale zimenezo anali ndi muzu umodzi, ndipo mizu iwiri kapena itatu ndi chizindikiro cha nyama zoyamwitsa.

Anzanu omwe akunena za mkango mwina akuganiza za mano aatali ong'ambira aja omwe amaonekera chilombo chikayasamula. Mano amenewonso ali ndi muzu umodzi wokha, wonenepa, womwe nthawi zambiri umakhala wautali kuposa mbali yoonekera kunja kwa nkhama. Akanakhala kuti mwatola lotere, tikanakuuzani kuti muyang'ane timakwawa tosazama toyenda mulitali mwa dzinolo, pakuti mano ong'ambira a mkango ndi kambuku amakhala nato, pomwe a galu, nkhandwe ndi fisi alibe. Tikanakuchenjezaninso za nyani wamphongo, yemwe dzino lake lam'mwamba ndi lalitali modabwitsa, lokhala ndi khwawa lakuya kutsogolo ndi msana wakuthwa kumbuyo, komanso za nguluwe ndi njiri, zomwe mano ake okhota amanamiza anthu ambiri ngakhale kuti sizili m'gulu la zilombo zolusa. Koma dzino lanu si lakutsogolo. Ndi lam'mbali mwa nsagwada, ndipo kumeneko n'komwe nkhani imakoma.

Pafupifupi nyama zonse za m'banja la amphaka, agalu ndi afisi zili ndi mano awiri mbali iliyonse ya kamwa, lina m'mwamba lina m'munsi, omwe amadutsana ngati sizasi podula mnofu. Mukaona galu akupendeketsa mutu potafuna mtsempha wolimba, dziwani kuti akufikitsa nyamayo pa mano amenewa. Akatswiri amawakonda kwambiri mano awiriwa chifukwa ndiwo amaulula banja la nyama mosavuta. La m'munsi la mkango, kambuku kapena njuzi limakhala ndi mipeni iwiri yokha yokumana pakati, popanda malo operera chakudya kumbuyo kwake, chifukwa amphaka amadya nyama basi. La galu kapena nkhandwe lili ndi mipeni iwiri yomweyo, koma kumbuyo kwake kuli kachidendene kokhala ndi kadzenje koperera, pakuti agalu amadyanso zipatso, tizilombo ndi zina zotero. La fisi lili pakatikati, kachidendene kake ndi kakang'ono zedi. Kusiyana kwa kadyedweku kumaonekanso pa chiwerengero cha mano: mkango uli ndi mano 30, fisi wamawangamawanga ali ndi 34, pomwe galu ali ndi 42.

Dzino lanu silikufanana ndi lodulira nyama, chifukwa mwanena kuti lili ndi nsonga imodzi yonenepa, osati mipeni iwiri. Ndi limodzi mwa mano okhala patsogolo pa lodulira lija. Pa mkango ndi kambuku, mano a pamenepa ndi opyapyala m'mbali, ndipo amakhala ndi nsonga yaikulu pakati ndi tinsonga tina tooneka bwino kutsogolo ndi kumbuyo kwake. Pa fisi wamawangamawanga, dzino lachitatu mwa amenewa m'mwamba, komanso lachiwiri m'munsi, ndi lonenepa ndi lozungulira, tinsonga ta m'mbali tija tinachepa kwambiri, ndipo kumunsi kwa mutu wake kumakhala mkombero wokhuthala womwe umateteza nkhama fupa likamaphwanyika. Limeneli ndiye dzino loswera mafupa, lomwe limachititsa kuti fisi amalize ndi chiboda chomwe, ndi kuti ndowe zake zikauma ziziyera mbuu chifukwa cha laimu wa m'mafupa. Miyeso mwatipatsayi, ya dzino lomwe mulifupi mwake mwatsala pang'ono kufanana ndi mulitali, ikugwirizana bwino ndi dzino limeneli. Pa chithunzi chanu chachiwiri mkombero uja ukuoneka mbali imodzi, ngakhale kuti madzi anaufufuta.

Tsopano tibwere pa kuperepesekako, chifukwa pali kuperepeseka kwa mitundu iwiri, ndipo anthu ambiri amakuphatikiza. Kwina kumachitika nyama ili moyo, kwina kumachitika itafa kale, dzino likugubuduzika ndi madzi. Kuperepeseka kwa pa moyo kumakhala pamalo amodzi, pomwe dzino linkakumana ndi chakudya kapena ndi dzino linzake. Nsonga imadulika mwathyathyathya, ndipo mukayang'anitsitsa pamwamba pake mumaona mkombero wa chikutiro cholimba chonyezimira chija, chomwe madokotala a mano amachitcha enamel, utazungulira mnofu wa dzino wa mtundu wosiyana pang'ono, womwe nthawi zina umalowa m'kati chifukwa ndi wofewerapo. Afisi okalamba amakhala ndi mano otere kwambiri, moti omwe amafufuza afisi kutchire amayerekeza msinkhu wa fisi poona kukula kwa malo operepesekawo pa dzino loswera mafupa lomweli. Kuperepeseka kwa mumtsinje sikusankha malo. Mchenga ndi miyala zimadya ngodya zonse mofanana, monga zimachitira posula nsangalabwi, ndipo umboni wake waukulu uli pa muzu: muzu sutafuna kanthu, choncho ngati wasalala, ndipo ngati pomwe unathyokera mnzake palibenso m'mphepete mokuthwa, ndiye kuti dzinolo layenda ndi madzi mtunda wautali kapena lakhala likugubuduzika nthawi yaitali. Dzino lanu likuonetsa zonse ziwiri. Mwini wake anali fisi wachikulire yemwe anaswa mafupa ambiri, ndipo mtsinje unadzawonjezera zake pambuyo pake.

Kuwonjezera kwa mtsinjeku n'komwe kukutiletsa kupitirira apa. Tikhoza kunena molimba mtima kuti ndi dzino la nyama yoyamwitsa yodya nyama, tikhoza kunena kuti mwachionekere ndi la banja la afisi, koma kutchula mtundu weniweni wa fisi kumadalira tinsonga ting'onoting'ono ndi timisana tomwe madzi amayamba kudya. Ndipo mitundu ya afisi inalipo yambiri mu Africa muno kuposa lero. Kunali Pachycrocuta, fisi wamkulu kuposa aliyense wamoyo lero, kunalinso Chasmaporthetes, wa miyendo yaitali ndi mano opyapyalako, yemwe akuoneka kuti ankathamangitsa nyama yekha. Katswiri woona sachita manyazi kulemba pa kapepala kuti "banja la afisi" n'kulekera pomwepo, ndipo ife timakayikira kwambiri munthu amene amayang'ana chithunzi cha dzino lofufutika n'kutchula dzina lathunthu ndi zaka zake nthawi yomweyo.

Funso la zaka ndiye lovuta kuposa onse. Kuda kwa dzino sikutsimikiza ukale wake. Madzi ndi matope okhala ndi chitsulo kapena manganese amadetsa fupa m'zaka zowerengeka chabe, moti dzino la galu yemwe anatayidwa kudambo agogo athu ali ana likhoza kutuluka lakuda bii, pomwe fupa la zaka mamiliyoni lomwe linagona m'nthaka ya laimu limatha kutuluka lotuwa. Kulemera ndiko kumathandizako, makamaka pa muzu, chifukwa muzu wa dzino latsopano ndi wopepuka, pomwe wa dzino lomwe timipata take tadzaza ndi miyala yosungunuka m'madzi umalemera, ndipo mukaugogoda pang'ono pa galasi umalira mokweza, osati mogonthera. Chinthu china chofunika kuchiyang'ana ndi mchenga womwe wamatirira pakati pa mizu. Ngati ukuchoka ndi madzi, ndi wa mtsinje wa lero. Ngati wauma gwa n'kusanduka mwala womwe chikhadabo sichingaukande, umenewo ndi wa nthaka yomwe dzinolo linagonamo poyamba, ndipo musauchotse, pakuti katswiri akhoza kuuyerekeza ndi nthaka za m'derali. Tikudziwa kuti ena amawotcha singano n'kuboola nayo fupa kuti amve ngati litulutse fungo la tsitsi lopserera, lomwe limasonyeza kuti fupalo silinakhalitse, koma njira imeneyi imawononga chinthu chomwe mukufuna kuchidziwacho, ndipo sitikukulimbikitsani.

Kwanu ku Karonga mbali zonse ziwiri ndi zotheka. North Rukuru amachokera ku mapiri a Nyika, komwe afisi amawangamawanga alipo mpaka lero, choncho dzino la fisi yemwe anafa posachedwa likhoza kutsika ndi madzi. Komanso boma lanu ndi lomwe lili ndi nthaka yotchuka ya Chiwondo, yomwe imayala pakati pa Karonga ndi Chilumba, yosunga mafupa a nyama zomwe zinakhala m'mbali mwa nyanja kuyambira zaka pafupifupi 4 miliyoni zapitazo. M'nthaka imeneyi, ku Uraha, gulu la akatswiri Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linapeza nsagwada ya munthu wakalekale wotchedwa Homo rudolfensis m'chaka cha 1991, ya zaka pafupifupi 2.4 miliyoni, ndipo mu 1996 linapezanso chidutswa cha nsagwada ya mtundu wina wa anthu akalekale wotchedwa Paranthropus boisei ku Malema. Chomwe chikukhudza dzino lanu ndi ichi: mwa mafupa ochuluka omwe atoledwa m'nthaka ya Chiwondo, ambiri ndi a nyama zodya udzu monga agwape ndi abale awo, nkhumba zakutchire, mvuu ndi njovu, pomwe a zilombo zodya nyama ndi osowa kwambiri. Izi sizodabwitsa, chifukwa m'tchire lililonse zilombo zimachepa kuyerekeza ndi nyama zomwe zimadya. Tanthauzo lake ndi loti ngati dzino lanu linakokoloka m'nthaka yakaleyo, ndiye kuti ndi chinthu chomwe akatswiri angachifune kwambiri, osati chifukwa cha mtengo wake, koma chifukwa choti ali ndi zochepa zoliyerekeza nazo.

Mwina mungafunse kuti bwanji osangolitumiza kukaliyeza ndi makina. Njira yotchuka ya radiocarbon imagwira ntchito pa zinthu zosapitirira zaka pafupifupi 50,000, ndipo imafuna kuti m'fupamo mukhale mutatsala zina mwa zomwe linali nazo nyama ili moyo. Zaka za nthaka ya Chiwondo akatswiri anazipeza makamaka poyerekeza mano a nkhumba zakutchire ndi nyama zina ndi omwe anapezeka ku Kenya ndi ku Ethiopia, komwe phulusa la mapiri ophulika linathandiza kuwerenga zaka molondola. Ndiye kuti dzino limauza zaka zake kudzera m'nthaka yomwe lagonamo ndi mafupa omwe lagona nawo limodzi. Lotoledwa pa mchenga wa mtsinje linasiyana nazo zonsezi, n'chifukwa chake chomwe mungachite chaphindu kwambiri ndi kukumbukira malo enieni pomwe fosholo inalitukula, kuya kwake, ndi makwawa omwe amathira mumtsinjemo kumtunda kwa pamenepo. Lembani zimenezi papepala lero lomwe, musanaiwale, ndipo ngati foni yanu imasonyeza malo pa mapu, jambulani pamalopo.

Dzinolo musalitsuke ndi mankhwala ochapira, viniga kapena asidi wa batire, musalipake vanishi kapena mafuta, ndipo musaliyanike padzuwa, chifukwa mano omwe akhala m'madzi nthawi yaitali amang'aluka akauma mofulumira. Likulungeni m'kansalu kofewa, liume pang'onopang'ono pamthunzi, kenako mupite nalo ku Cultural and Museum Centre Karonga, nyumba yosungiramo zinthu zakale yomwe inatsegulidwa mu 2004 m'tauni yanu momwemo. Kumeneko likhoza kuonedwa ndi maso ndi kugwiridwa m'manja, zomwe chithunzi sichingalowe m'malo mwake. Za wogula uja, dziwani kuti lamulo la Monuments and Relics Act limateteza zinthu zakale zopezeka m'nthaka ya Malawi, ndipo sililola kuti zizigulitsidwa kapena kutulutsidwa m'dziko muno mwachisawawa. Woyenera kudziwitsidwa ndi a nthambi ya boma yoona za malo osungira zinthu zakale ndi zipilala. Munthu amene akutcha dzino la mizu iwiri kuti ndi la dinosaur, mwina sadziwa chomwe akugula, mwina akudziwa zoti akakagulitsa kwina dzina limenelo ndi lomwe lidzakweze mtengo.

FUNSO: Ndine mphunzitsi wa sayansi pasukulu ina ya sekondale m'boma la Rumphi. Mwana wina wa m'kalasi mwanga anabweretsa chidutswa cha dzino lopyapyala, lokhota, lomwe m'mphepete mwake muli timano ting'onoting'ono tondondozana. Akuti analitola m'khwawa mvula itagwa. Kodi ndi nyama yanji ya kuno yomwe ili ndi dzino lotere?

YANKHO: Aphunzitsi, mwa zilombo zoyamwitsa zazikulu zomwe zili m'nkhalango zathu lero palibe chokhala ndi dzino long'ambira la timano totere, choncho ngati timanoto ndi tofanana kukula ndi totalikirana mofanana, osati tongobenthuka chifukwa cha miyala, mwana wanuyo watola chinthu choyenera kuchisamala. Yang'anani ndi galasi lokuzira zinthu la mu labotale yanu: kubenthuka kwa mumtsinje kumakhala kosalongosoka, pena pakulu pena pang'ono, pomwe timano tachibadwa timakhala pamzere umodzi ndipo timachepa pang'onopang'ono polowera kunsonga kapena kumunsi.

Eni ake a mano otere m'chigawo cha kumpoto angakhale a mibadwo itatu yotalikirana kwambiri. Oyandikira kwanu ndi a ku Chiweta, m'boma lanu lomwelo, komwe miyala ya zaka zoposa 250 miliyoni inatulutsa zigaza za zilombo zotchedwa gorgonopsian, zomwe zinakhalapo ma dinosaur asanabwere, ndipo zinali ndi mano aatali ong'ambira okhala ndi timano m'mphepete. Ena ndi ma dinosaur odya nyama, omwe mano awo anapezeka m'nthaka ya zaka zoposa 100 miliyoni ya ku Mwakasyunguti m'boma la Karonga, komwenso kunachokera Malawisaurus, dinosaur wamkulu wodya zomera, yemwe mafupa ake oyamba anapezeka m'zaka za m'ma 1920 ndipo anapatsidwa dzina limeneli mu 1993. Achitatu ndi amphaka a mano aatali monga Homotherium, omwe anakhala mu Africa pa nthawi imodzi ndi anthu akale a ku Uraha aja. Pa chidutswa chopanda muzu n'kovuta kusiyanitsa atatuwa ndi maso okha, koma mtundu wa mwala womwe khwawalo ladula umachepetsa mtsutso, chifukwa gorgonopsian sangapezeke m'nthaka ya Chiwondo, ndipo Homotherium sangapezeke m'miyala ya ku Chiweta.

Nthaka ya ku Mwakasyunguti ili ndi chenjezo lina kwa aliyense wozindikira nyama poona dzino limodzi. Kumeneko kunapezeka kang'ona kakang'ono kakumtunda komwe katswiri wa ku Malawi konkuno, Elizabeth Gomani, anakafotokoza mu 1997 n'kukatcha Malawisuchus. Mano ake am'mbali anali ndi nsonga zingapo, mofanana kwambiri ndi a nyama zoyamwitsa, moti wotola dzino limodzi lokha akanatha kulumbira kuti si la ng'ona. Chomwe chinathetsa nkhani chinali chigaza chomwe manowo anali adakali m'malo mwake. Choncho pitani ndi mwanayo kukhwawako, akakusonyezeni pomwe anatola, mukaone ngati m'khoma la khwawalo simukutuluka fupa lina. Mukaliona musalikumbe, lijambuleni mutaika rula pambali pake, ndipo mudziwitse a ku Karonga kapena a Museum of Malawi ku Chichiri mumzinda wa Blantyre mvula ina isanagumule khomalo.